Mawu Atatu a Fula

Loweruka, 9 Januwale 1988

Mvula kuyambira m'mawa, nyanja yakwiya, tiramu, sitima ya m'tauni ija, inachedwa. Ndafika kuntchito ku posita nsapato zitanyoweratu.

Madzulo kunabwera a Haji Metwalli, apampando a kalabu ya antchito apadoko. Akuti Lachisanu likudzali, akatha mapemphero, akufuna kulemekeza Ababa. Aonetse makatuni awo akale aja muholo monga zinkakhalira kale, munthu ataima pambali pa chinsalu n'kumayankhulira nyamazo, poti mafilimuwo alibe mawu. Ababa maso anawala. Chichitireni opaleshoni ya pakhosi chaka chatha sindinawaonepo atakhala tsonga chonchija. Koma mawu alibe, ndiye funso linali loti aimirire ndani m'malo mwawo.

Ine ndinali chiimire ndi thireyi ya tiyi, mtima uli dyokodyoko. A Haji anati, "Nanga si mwana wamwamuna alipo? Wagih ndiye." Ababa anatenga kabuku kawo kolembamo nalemba, "Inde." Kundiyang'ana n'komwe ayi.

Wagih! Mlongo wanga wogulitsa mafiriji, amene ali mwana ankagona filimu isanafike pakati. Mipukutu ya mafilimu imeneyi ndakhala ndikuikulunga ine kuyambira ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Tiyi wa a Haji sindinathiremo shuga. Anamwa chomwecho mwaulemu, nkhope itakwinyika.

Lamlungu, 10 Januwale

Ndatsitsa makina oonetsera filimu pamwamba pa kabati. Fumbi lake! Ndapukuta galasi, ndathira mafuta, ndatseka mawindo, tinaonera pakhoma ine ndi Ababa, filimu ija ya tonde.

Ndinati sindiseka chifukwa ndakwiya. Ndinaseka. Tonde uja Ababa anamutcha Shehata, ng'ona yonenepa yachipewa chachitali ndi Bwana Bey, mbuzi yaikazi ndi Fula. Amene anajambula kutsidya kwa nyanja kaya anawatcha chiyani, kuno ndi anthu a m'dera lathu lino la Karmouz basi. Chikuni chimugwera Shehata, aphwatalala ngati buledi, adzipopa ndi chala chake, anyamukanso. Nyumba zimavina, dzuwa limayasamula, mchira umasanduka ambulera. Palibe amafa. Ndikuganiza kuti n'chimene amuna apadoko ankazikondera, anthu oti katundu akakugwera sudzukanso.

Koma Fula. Ndamuyang'anitsitsa lero. Ndi Shehata yemweyo, angomuonjezera nsidze zazitali ndi siketi. Ntchito yake kuphethira, kubedwa, kumangidwa m'boti la Bwana Bey, kudikira. Ababa anamupatsa mawu atatu moyo wawo wonse, ndi kamawu kopyapyala kotsina mphuno: "Mayo!" "Ndipulumutseni!" ndipo pomaliza, "Zikomo."

Ndilembe za ntchitoyi, poti sindikuona wina woisunga. Woyankhulira sayang'ana chinsalu. Amachipatsa msana, maso kwa anthu, chifukwa nthabwala imanenedwa kumaso. Filimu iliyonse inaduka kambirimbiri, Ababa n'kumaimata, ndipo pomatidwa paliponse pakamadutsa m'makina pamalira "ta". Mu ya tonde muli ma "ta" makumi awiri ndi anayi. Ukamva lachisanu ndi chiwiri wadziwa kuti Bey watulukira kuseri kwa mgolo, suchita kutembenuka. Ine ndimawamva ngakhale ndili kukhitchini madzi akutuluka pampopi.

Lolemba, 11 Januwale

W. wabwera kudzayeserera atavala tayi. Tayi!

Filimu itangoyamba, khosi khwee kutembenukira kukhoma. Ababa gu! pathebulo. Anabwerera. Ta lachitatu, watembenukanso. Nthabwala iliyonse ikufika Shehata atadzuka kale n'kupita. Pa Fula anatsina mphuno n'kulira ngati chitseko cha kubafa, mpaka amake Ragab a nyumba yapansi pathu anakuwira pawindo kufunsa ngati tikupha mphaka.

Ndinayesetsa kukhala chete, ndinalephera. "Iwe Wagih, usawerenge ndi maso. Mvera. Likalira lachisanu ndi chiwiri uyambe kale kunena kuti 'Taonani mimba yafika, mwini wake akubwera m'mbuyo.' Usadikire kumuona."

Anamasula tayi uja nakhala pansi. "Achemwali, ine ma ta anuwo sindikuwamva. Ndikungomva makina akulira basi. Ababa, bwanji angopanga achemwaliwa? Akudziwa chilichonse."

Ababa analemba nthawi yaitali, kenako anatembenuzira kabukuko kwa W., osati kwa ine. Ndinawerenga chozondoka. "Mkazi saima pamaso pa amuna apadoko. Adzamuseka iye, osati nthabwala."

Ndinapita kukatsuka mbale zoyera kale.

Lachiwiri, 12 Januwale

Munthu wina pawindo langa ku posita wati, "Mwetulirani pang'ono, mayi." Sitampu yake ndaimenya ngati ili ndi mlandu.

Lachitatu, 13 Januwale

W. anapita yekha kwa a H. osandiuza, ndipo wabwera akumwetulira ngati wagulitsa mafiriji asanu. Akuti agwirizana. Iye ayankhulira amuna kutsogolo, ine ndiyankhulira Fula ndili kuseri kwa katani, anthu osandiona. "Mwaona, achemwali? Nonse mwapambana." Amandikonda mwana ameneyu, n'chifukwa chake sindinamuponyere sipuni.

Zaka makumi atatu ndi zinayi ndikudikira, andipatsa mawu atatu ndi katani.

Ndinavomera. Ndikanatani? Dokotala anati Ababa tisamawawerengere zaka zambiri. Mwayi wina woti andimve ndikugwira ntchito yawo sudzabwera, ndipo chimene ndikufuna n'chimenecho, kuti andimve n'kuvomera kuti ntchitoyi inatsalira kwa ine.

Poyeserera ndinayesako pang'ono. Pamene Fula wamangidwa m'boti amuna awiriwo akuthamangitsana ndi nyundo, pamakhala mphindi zinayi zathunthu iye ali duu. Ndinangoti, "Menyanani bwino, ine ndilipo." W. anaseka mpaka kutsamwa. Ababa gu! Kapu inagwa. Analemba ndi zilembo zikuluzikulu mpaka pensulo inaboola pepala: "FULA ALI NDI MAWU ATATU."

Pamasitepe amake Ragab anandigwira mkono. "Bothaina, ndamva uyankhula Lachisanu. Tibwera tonse, ndauza ndi a nyumba yachitatu. Koma kambuzi kako kaja kamandinyansa. Manja kali nawo, mano kali nawo, chingwe osatafuna bwanji? Mbuzi yanji yosatafuna chingwe?" Ndinawauza kuti akafunse Ababa.

Lachinayi, 14 Januwale

W. akuvutikabe. Walemba nthabwala zonse pakapepala kobisa m'manja. Ndamuuza kuti muholo mukhala mdima. Wati, "Ndikumbukira, musadandaule." Akamati musadandaule ndiye kudandaula kwake.

Ndasita malaya oyera a Ababa. Anali kundiyang'ana ndikusita, ngati akufuna kulemba kanthu, koma kabuku sanakatsegule. Chimwalirire Amayi nyumba ino imakhala chete, koma sabata ino ndiye yanyanya.

Chondikwiyitsa kwambiri n'choti makatuniwa ndimawakondabe. Bwenzi zili bwino ndikanadana nawo. Ndikaona nsidze za Fula zikuphethira ndimafuna kumugwedeza, koma Shehata akamezedwa ndi Bey n'kutulukira m'chipewa ndimasekabe ngati ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi.

Lachisanu, 15 Januwale



Holo inadzaza itangokwana 3 koloko, mawindo atatchinga ndi mabulangete. Amuna kutsogolo, amayi kumbuyo pafupi ndi khomo, amake Ragab ndi gulu lawo akutafuna nthanga. Ababa pampando woyamba, malaya oyera, a H. pambali. Ine kuseri kwa katani wonunkha chinyontho, pakati pa tsache ndi mipando yothyoka. Ndinapeza kabowo koonerapo.

W. anayamba bwino ndithu. Moni anapereka bwino, ya mimba ija inatuluka pa nthawi yake, anthu anaseka. Kusekako n'kumene kunamusokoneza. Anasangalala, anayang'ana kapepala, mdima. Anatembenukira kuchinsalu, kuwala kunamuthobwa m'maso. Bey wamanga kale Fula, W. akunenabe za kumsika. Kenako anangoti zii.

Makina okha akulira. Ta lakhumi ndi chimodzi. Ta lakhumi ndi chiwiri. Shehata akuthamanga ndi nyundo popanda womuyankhulira. Wina kutsogolo anakuwa, "Mwana wa Sobhi, wameza lilime?" Ena anayamba kuimba mluzu. Pakabowo ndinaona Ababa ataweramitsa mutu, manja ali pamaondo.

Sindinaganize. Mphuno sindinatsine, ndinayankhula ndi mawu anga enieni.

"Thamanga, Shehata, thamanga. Wabwera kudzandipulumutsa, mpeni waiwala, koma chipewa chako wakumbukira."

Kumbuyo kwa amayi kunaphulika. Ndinapitiriza. Ma ta onse anali m'makutu mwanga, chinsalu sindinkachiona n'komwe. "Chingwechi n'chomasuka kalekale, koma ndikadzimasula ndekha akwiya sabata yathunthu." Nyundo pamutu pa Bey. "Eya, menyanani. Ine nyemba ndinazisiya pamoto." Tsopano ndi amuna omwe anali kuseka, wina akumenya mpando, wina akuti, "Ameneyo ndi mkazi wanga ndithu!" W. anadzidzimuka nayamba kundiyankha ngati Shehata, "Pepa, Fula, ndikubwera!" ndipo zinagwirana bwino kuposa zonse tinayeserera.

Ta lomaliza, Shehata wamasula chingwe, Fula akumupsompsona. Pamene pali "Zikomo" ine ndinati, "Wachedwa. Buledi wagula?"

Anachotsa mabulangete, anthu akuomba m'manja, amake Ragab akululutira ngati paukwati. Ndinasuzumira. Mpando wa Ababa unali wopanda munthu. A H. akuti anatuluka pa za nyemba zija, osatsanzika.

Ndinawapeza kunyumba atagona choyang'ana kukhoma, malaya oyera ali m'thupi. Chakudya akana.

Loweruka, 16 Januwale

Kabuku sikanatsegulidwe tsiku lonse. Ndikafunsa kanthu amangogwedeza mutu.

A H. anadutsa ku posita. "Mwana wanga, anthu anasangalala, sindikana. Koma pakomiti ena akuti zinapyola. Tisabwerezenso." Ndinati chabwino, Haji. Za komiti sindikusamala.

W. anaimba foni kwa a golosale, ndinatsika kukayankha. "Achemwali, munandipulumutsa." Ndinamuuza kuti ndawaphera Ababa tsiku lawo. Anati apsa mtima pang'ono, ziwathera. Iye sakhala nawo.

Ndinkafuna andimve. Andimva, ndipo atuluka. Ndakwiyira iwo, ndadzikwiyira ndekha, ndakwiyira ndi mbuzi yojambula yomwe.

Lamlungu, 17 Januwale

M'mawa ndikuvala mpango kuti ndizipita kuntchito, ndinamva gu! pathebulo, koma wofewa. Anali atakhala, kabuku kotsegula. Anandilozera mpando.

"Za chipewa zija. Unazitenga kuti?"

Ndinati ndinangopeka pomwepo, Ababa, ndikhululukireni. Anapukusa mutu nalemba, "Bodza. Za chingwe chomasuka, za nyemba. N'za amayi ako. Ankazikuwa ali kukhitchini ine ndikamayeserera. Iwe unali pansi pa thebulo lino."

Sindikukumbukira ngakhale pang'ono. Ndimayesa ndi zanga.

Analembanso, pang'onopang'ono. "Ndinamva mawu ake muholo. Sindikanatha kukhala." Anaima, anayang'ana pensulo, kenako anaonjezera pansi pake. "Zinali zoseketsa kuposa zanga. N'chifukwa chake sindinazinenepo."

Mkwiyo unandikwera mpaka m'makutu. Zaka zonsezo Amayi akuseketsa mapoto, iwo akuomberedwa m'manja. Ndinafuna kuwauza zimenezo ndipo ndinatsegula pakamwa, koma anali akulira, kulira kopanda mawu kwa munthu wopanda kholingo, mapewa okha akugwedezeka. Ndinawapatsa mpango wanga.

Atapukuta nkhope anakokera kabuku. "Pali zina. Za pamlatho, mu ya njovu yozimitsa moto. Ukuzikumbukira?" Ndinati ayi. Anandiyang'ana ngati ndataya makiyi a nyumba, nanyowetsa pensulo palilime.

Ku posita sindinapite. Tiyi wawo wazizira kawiri. Ali patsamba lachinayi, ndipo akamaliza lililonse amaling'amba n'kundipatsa, n'kugogoda pathebulo kuti ndiliwerenge mokweza.