Njoka ya pansi pa bedi

Lachinayi, mwezi wa Novembala. Tsiku loipa, kotentha ngati m'ng'anjo.

Ndikusesa chipinda cha alendo ku loji, ndinaona chinthu chakuda chachitali chitadzipinda pansi pa bedi. Kuchigwa kuno njoka sitiifunsa dzina. Ndinathamangira chikwanje cha mlonda n'kuchitematema chinthucho.

Sinali njoka ayi. Inali nthambo yolumikizira kompyuta ku chimagalasi chimene mwana wa mlendo amavala kumaso posewera magemu. Tchaja yakenso ndaiphwanya. Ku Mfuwe zotere sizipezeka, ndipo mwanayo walira mpaka madzulo.

Bwana manijala angoti, "Amayi, mawa yunifomu mubwere nayo m'manja."

Chimanga changa kumunda ku Kakumbi njovu zinachitha kale. Ikanakhala njoka yeniyeni, bwenzi pano akundiombera m'manja. Ana sindinawauze, nanga ndiyambira pati...