Amayi Asaonere TV Lamulungu

Kwathu, kumadzulo kwa Alice Springs
Lachiwiri, 8 Okutobala

Okondedwa achemwali a Glenys,

Kalatayi mukawerengere kubafa kapena panja, osati pamaso pa amayi. Ndaipatsira nesi wathu, a Pauline, amene akubwera ku Adelaide mawa. Foni sindinayerekeze kuimba, chifukwa mumagona chipinda chimodzi, ndipo amayi zinafa ndi impso zokha, makutu ali bwinobwino.

Kuno tilipo, mmene amakhalira anthu akataya munthu. Nyumba ya mlongo wathu tinaitseka. Mkazi wake Sharlene akadali kumsasa wa maliro, mwambo sunamulole kuyamba kuyankhula. Zithunzi zake zonse tinachotsa, ngakhale chija cha timu ya mpira cha kusitolo anamata pepala pamene pali nkhope yake. Dzina lake palibe akulitchula, moti makaniko uja wa dzina lofanana naye tsopano tikumuitana Kumanjayi, dzina lolowa m'malo mwa la womwalira. Zonse tachita mwa mwambo wake, achemwali, woti womwalira asaonedwe nkhope, asamvedwe mawu. Chatsala chimodzi chokha, ndipo chili m'manja mwa anthu a ku Sydney.

Mpikisano wojambula uja auonetsa Lamulungu lino madzulo. Munandiuza nokha kuti amayi asungitsa mpando wakutsogolo m'chipinda cha TV, ndipo aitana anzawo onse amene amatsukitsa nawo magazi kuti adzandione ine, mwana wawo Noreen. Chimene sindinakuuzeni ndi ichi: munthu amene ndinamujambula pa mpikisanowo ndi mlongo wathuyo. Tinkafuna kuwadzidzimutsa amayi. Zinali nzeru zake zimenezo. Anati, "Usawauze, iwe. Ndikufuna adzandione atagwira kapu ya tiyi, adzitayire pa diresi."

Inu munapita ndi amayi ku Adelaide ndisanayambe misala imeneyi. Loweruka lililonse m'mawa pa TV pamabwera mayi wina wa zibangili zambirimbiri, wophunzitsa kujambula nkhope. Ine ndinkakhala pansi ndi katoni ya ufa komanso penti wotsala kwa amayi a kuno ojambula zithunzi aja, n'kumamutsatira. Ankati, "Musayambe ndi maso, yambani ndi mthunzi. Tsinzinani pang'ono, muone pamene pada ndi pamene pawala." Iye amajambula azungu okhaokha, ndiye khungu lathuli ndinachita kulifufuza ndekha, mpaka ndinapeza kuti pansi pake pamafunika pepo ndi kabuluu pang'ono. Tsiku limene ndinalipeza ndinakuwa, agalu onse anadzuka.

Azakhali a Maisie sankandisiya. "Anzako akujambula dziko la makolo awo, iwe uli kalikiliki ndi mphuno za anthu. Ukufuna ntchito kupolisi?" Tonse tinkaseka. Koma tsiku lina anandifunsa osaseka, "Nanga mwini nkhopeyo akadzapita, chimenechi udzachiika kuti?" Ine ndinati, "Aa, azakhali, inuyo mumangoganiza za maliro basi."

Palibe amene ankalola kundikhalira kuti ndimujambule koma mlongo wathuyo yekha. Ankakhala pa mgolo kuseri kwa nyumba, malipiro ake tiyi wa shuga wambiri, koma kukhazikika ayi ndithu. Pang'ono pokha wadzuka kale kudzasuzumira.

"Iwe, wandipatsa khutu la ngamila!"

"Khutu lakolo ndi la ngamila kumene. Ndinakutuma ndine kuti ukalithyoletse kumpira? Khala pansi."

"Ukandinyoza ndikulipiritsa tiyi wina."

Khutu limenelo linandisowetsa tulo, achemwali. Ndinalijambula mpaka makatoni anatha kusitolo.

Pa mpikisanowo aliyense amabwera ndi munthu wake womujambula. Tinakwera ndege ya ku Sydney mu Juni. Iye anavala malaya ofiira aja ndi chipewa chake chakuda, ndipo anthu a makamera anamukonda koopsa, chifukwa pakamwa pake sipankatsekeka. Ine penti akundiumira, iye akuwaseketsa oweruza. Sindinapambane, musavutike n'kufunsa. Koma pali malo ena, ndipo ndikudziwa kuti sanawadule chifukwa onse anaomba m'manja, pamene anayang'ana kamera, n'kuvula chipewa, n'kutchula dzina lake lonse. Kenako anati, "Amayi, mukundiona? Ndabwera kudzakuonani ku Adelaide, ndalama ya basi sindinalipire!"

Mu Ogasiti mtima wake unaima. Zotsalazo mukuzidziwa.

Ndinawaimbira a TV aja. Anayankha mtsikana waulemu kwambiri, ndinamufotokozera zonse. Anati, "Pepani, mayi, pepani ndithu. Tiika chenjezo poyamba, lakuti muli nkhope ndi mawu a munthu amene anamwalira."

Ndinati, "Mwanawe, chenjezo limenelo timalimva tsiku ndi tsiku. Silinena kuti ndi mwana wa ndani. Amayi anga adzangokhala pomwepo kudikira ine."

Anati gawo lonse sangalichotse, muli ojambula ena amene nawonso abale awo akudikira. Chithunzi chimene ndinajambulacho sangachiphimbe, chifukwa popanda icho palibe mpikisano. Chimene akanatha n'kufufuta nkhope yake pamene wakhala pampando, ndi kutseka mawu ake. Anati, "Mungovomera, mayi, tichita lero lomwe."

Achemwali, ndinati ndiimbanso. Sindinaimbe. Mtsikanayo anaimba kangapo, ine ndikungoiyang'ana foni ikulira patebulo, mpaka Lachisanu anatumiza uthenga kuti nthawi yosinthira yatha. Ndimadziuza kuti sizikanathandiza, kuti amayi akanadziwabe chipewa, manja, ndi chithunzi chili pambalipo. Zimenezo n'zoona. Koma china n'chakuti dziko lonse lapansi palibenso pena pamene iye akuyenda ndi kuseka, ndi apo pokha. Ndinalephera kuuza munthu wachilendo kuti amufufute. Mundikalipire, ndimva, koma tsopano palibenso chimene ndingachite.

Ndiye ndikukupemphani, Lamulungu amayi asakhale m'chipinda chimenecho. Muwatengere kunyanja, kutchalitchi cha madzulo, kulikonse. Muwapemphe oyang'anira nyumba ya odwala mukukhalayo azimitse TV, anene kuti yawonongeka. Ndikudziwa amayi adzakana, mwina adzakugendani ndi ndodo yawo ija. Adikira miyezi yonseyi. Mudzawauza chiyani, ine sindikudziwa. Mukawanamiza, adzati mwawamana chinthu chimodzi chokha chimene chinkawadzutsa m'mawa. Mukawauza zoona, adzadziwa kuti mwana wawo, amene makina otsuka magazi aja anawaletsa kudzamuika, ali m'chipinda chinacho akuwaitana, ndipo iwo saloledwa kumuyang'ana. Ndaganiza mpaka mutu kuwawa, njira yosawapweteka sindikuiona. Ndakusenzetsani katundu amene ndinamanga ndine, ndipo zikundiwawa.

Kuno akuluakulu agwirizana kuti Lamulungu madzulo TV iliyonse ikhale yozimitsa. Azakhali a Maisie nditawauza sanandinene, bwenzi zili bwino akanandinena. Anangoti, "Ubwere kwanga tsiku limenelo, tidzakhale panja." Loweruka lapitali mayi wa zibangili uja amaphunzitsa za makutu. Ndinazimitsa.

Pempho lina laling'ono. Wophika wa panyumba panupo uja wa ku Fiji mumandiuza, a Mereoni, mwambo wathu suwakhudza. Ngati ali ndi TV kwawo, muwapemphe adzaonere. Asadzandifotokozere zambiri. Adzangondiuza ngati khutu lija ndinalikhoza, chifukwa chithunzicho chinatsala ku Sydney, ndipo ine ndayamba kuiwala ngati linapindikira kutsogolo kapena kumbuyo.

Azakhali akupereka moni. Sharlene wapereka ndi manja. Ana ake akudya, wamng'ono uja dzino latuluka. Inuyo muzipumako, musamangodzipanikiza. Amayi muwasisite mapazi m'malo mwanga, muwauze kuti moni ndapereka ndi manja awiri. Moni winawo, wa pa TV uja, ndilibe njira yowafikitsira, ndipo ndilibe njira youletsera.

Ine mng'ono wanu,
Noreen