Tsiku Lomwe Anasesa Dimba

Chunga, Lusaka
20 Okutobala 2025

Okondedwa akulu anga a Gilson,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Solwezi pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tadzuka, kungoti dzuwa la chaka chino silikusewera, madzi pa mpopi akubwera mwa apo ndi apo, magetsi ndiye musafunse. Kalatayi ndapatsira kondakitala wa basi chifukwa nkhani yake sindingayankhule pa foni. Mukudziwa kuti tizipinda tathu tili kuseri kwa nyumba ya apongozi, ndipo khoma lake ukangotsokomola amamva. Chonde muwerenge mpaka kumapeto musanandiimbire.

Nkhani ndi ya ntchito yanga ya ku dimba, ija ndinasiyira ulonda ku Kabulonga. Inu munandiletsa, munati munthu wa mwana wakhanda sasiya geti kukasamalira masamba. Sindinaiwale. Koma kunena zoona ntchito imeneyi ndiyo yakhala ikutidyetsa. Kamalipiro kake ndi kochepa, koma ndiwo sitimagula, ndipo mwana wathu Annette amene ankangotsika sikelo, pano masaya atuluka.

Mwina sindinakufotokozereni bwino chiyambi chake. Kolera ya chaka chatha itadutsa, ija inatenga apongozi aamuna, anthu a dera lathu tinapanga kagulu koletsa kutaya zinyalala pa malo a kuseri kwa tchalitchi. Wotitsogolera ndi Ba Miyanda, mayi amene kale ankaphunzitsa sukulu. Tinayendera khansala mpaka anatopa nafe, tinakangana ndi amawilibala amene ankatayira pamenepo, kenako tinachotsa chulu chonse cha mapulasitiki ndi matewera ndi manja athu. Bungwe lina la ku Kabulonga lothandiza timagulu ngati kathu linatipatsa thanki, mbewu ndi zida, ndipo ine linanditumiza ku Chelstone kukaphunzira ulimi womwe amautcha pemakacha. Za m'mabuku sindinagwirepo zambiri, koma chachikulu ndinachimva: nthaka isakhale maliseche. Uiphimbire ndi masamba ouma, udzu ndi makoko a chimanga kuti chinyezi chisathawe. Suwotcha kanthu. Ndiwo ngati bondwe ndi kanunkha zikamera zokha uzisiye. Ndinatuta masamba ndi wilibala miyezi ndi miyezi mpaka bedi lililonse linali ndi bulangeti lake. Loweruka anthu ankachokera ku Kabwata kudzaphunzira, repu ali biriwiri pomwe kwa ena wapsa.

Ndiye a bungwe anati adzabwera Lachitatu lapitali kudzaona okha, kuti asankhe ngati apitiriza nafe kapena thandizo lipite ku gulu lina la ku Libala. Abusa analengeza m'tchalitchi kuti kukubwera alendo olemekezeka.

Lachiwiri m'mawa ndinapita kukatenga zitosi za nkhuku kwa munthu wina woweta kufupi ndi msika. Ba Miyanda anali mu tauni kukatsukitsa zithunzi za dimba, mlamu wanu Judith anapita ndi mwana ku kiliniki. Pobwerera ndinaona utsi kuseri kwa tchalitchi, ndikumva nyimbo. Ndinathamanga ndi wilibala zitosi zikutayikira mu msewu.

Akulu anga, amayi a mpingo anali m'dimba monse ndi matsache ndi mareki. Anakokolola masamba onse pa mabedi ndi kuwaunjika milu, milu ina ikuyaka kale. Bondwe anazula, amati ndi tchire. Ena ankapaka laimu miyala ya m'mbali mwa njira. Ndipo wotsogolera nyimbo, tsache lili m'manja, anali apongozi anga, a Winifred.

Inu mukudziwa mwambo wathu. Chikwatirireni Judith sindinayankhulepo nawo maso ndi maso. Tikakumana pa njira ndimapatuka, chonena chimadzera kwa Judith. Anzanga a muno mu tauni amandiseka kuti zimenezo zinatha kale, koma iwo ndi a ku Katete enieni, ndipo ine ndimagona pa malo awo. Ndinaimba foni ya Judith, yozima, inagona yosatchaja. Ya Ba Miyanda inkangoitana. Ndinaitanira pambali Ba Helen, mlembi wa amayi, ndi kuwauza kuti chonde alekeni, masamba amenewa ndi amene alendo akubwera kudzaona. Anandiseka.

"Ba Saul, mufuna balendo bapeze madoti so? Nsoni ni zathu ise bazimai, osati imwe."

Ndinawachonderera kuti akawauze apongozi. Anapita, ine ndinagwada chapatali. Apongozi anatembenukira kumbali monga mwa ulemu, nayankha mokweza kuti ndimve: "Muwauze bambo a Annette akapume, avutika kokwana. Tsache si la amuna."

Ndikanaima ndi kukuwa. Ndakhala ndikuziganizira. Koma sindinatero. Chomwe ndinachita ndi kutunga madzi mu thanki ndi kuthira pa mulu wa manyowa womwe unayamba kunyeka, amayiwo nkumandithokoza kuti ndikuteteza moto usafike ku mpanda. Pofika masana dimba linali mbee ngati bwalo la sukulu.

Ba Miyanda atafika anakhala pa tayala lomwe timadzalamo anyezi. Ine ndinati tikapemphe udzu wotchetcha kwa anzanga a m'mayadi a ku Woodlands tiphimbire msanga. Anakana, anati udzu wauwisi sunganamize munthu wodziwa, mawa tingonena zoona momwe zachitikira. Ndinavomera. Izi ndikulemba kuti mudziwe kuti ndinavomera.

Alendo anafika dzuwa litakwera. Anali Ba Valerie, mayi wachitsikana amene amayendetsa bungwelo, ndi Ba Mwaba, mdala amene ankatiphunzitsa ku Chelstone. Amayi anawalandira ndi nyimbo atavala yunifomu, kenako anapita pansi pa mtengo kukakonza tiyi. Ife tinalowa m'dimba. Repu anali atagona kale, nthaka ikuwotcha ngakhale uli mu nsapato. Ba Mwaba anagwada, napala dothi ndi chala, nayang'ana phulusa. Ba Valerie ankayang'ana zithunzi zomwe tinawatumizira, nayang'ana mabedi, nabwereranso ku zithunzi. Kenako anafunsa kuti wawotcha ndani, akufuna munthuyo abwere alankhule naye pomwepo.

Ndinayang'ana pansi pa mtengo paja. Apongozi anabereka Annette, akuseka ndi anzawo, akupukuta makapu. Chichitikireni maliro sindinawaonepo akuseka. Mukumbuka kuti mtembo wa amuna awo sanaloledwe ngakhale kuusambitsa. Kuyambira pamenepo amakhulupirira kuti uve ndi umene unawapha, amasesa pabwalo mpaka pamakumbika. Ndinawaona m'maganizo akuitanidwa pamaso pa amayi onse a mpingo.

Ba Miyanda anatsegula pakamwa, ine ndinawadula.

"Ndine."

Ba Mwaba anavula chipewa ndi kundiyang'anitsitsa. "Saul, si iwe unali mu kilasi yanga?"

Ndinati ndinaopa njoka, ana amasewera muno. Sanafunsenso. Tiyi anamwa choimirira.

Galimoto itangotuluka, Ba Miyanda anandikokera kuseri kwa thanki. Sanakuwe. Anati, "Uganiza wachita ulemu? Ukananena zoona akanaona kuti amayi a Chunga akufunika maphunziro, akanatiwonjezera. Manje aona kuti amene anamuphunzitsa okha ndiye wawotcha. Ndiye apitirize kuphunzitsa chifukwa chiyani?" Akulu anga, zimenezo sindinaziganize. Ine ndinkayesa ndikusenza mlandu ndekha, osadziwa kuti ndagwetsa gulu lonse.

Tsiku lomwelo Ba Miyanda anaimbira Ba Valerie ndi kuwauza zenizeni. Yankho linali loti tsopano nkhani zakhala ziwiri, ndipo sangaike thandizo pa gulu lomwe atsogoleri ake akunena zosiyana. Anati abwere nawo ku ofesi mayi amene anatsogolera kusesa, amve kwa iwo. Ba Miyanda anandiuza kuti Lachisanu ndipite nawo apongozi ku Kabulonga, apo ayi thanki ipita ku Libala ndipo ndidzafotokozera ndekha mabanja onse amene amathyola ndiwo pamenepo.

Judith nditamuuza analira. Anati amayi ake ali ndi BP, mpingo ndi wokhawo wawatsalira, kuwauza kuti tsache lawo lapha dimba ndi chimodzimodzi kuwakumbira manda. Atapukuta misozi anandifunsanso kuti nanga Annette adya chiyani. Ndinamufunsa kuti ndiye ukufuna ziti. Anati sakudziwa. Tinakangana monong'ona ngati akuba m'nyumba mwathu momwe, amayi ake ali panja akutsuka mapoto.

Lachisanu ndinapita ndekha. Ndinatsika mu tauni, ndinakwera minibasi ina, kotsalako ndinayenda pansi m'misewu yomwe ndinkalondera kale. Ofesi yawo ili mkati mwa mpanda wautali, kapinga wake akuthiriridwa masana. Ndinawauza Ba Valerie kuti zomwe ananena Ba Miyanda ndi zoona, ine ndinanama, koma munthu sindibwera naye, lero kapena mawa. Ndinati woyang'anira dimba ndinali ine, ndipo likupsa ndinalipo. Ngati pakufunika wochoka achoke Saul, thanki ikhale.

Anandifunsa kuti, "Ndiye munaona ndi maso anu, osawaletsa?"

Ndinati inde. Anafunsa chifukwa chake. Ndinati ndi apongozi anga. Anati amva, ndizipita adzayankha kudzera kwa Ba Miyanda.

Yankho linabwera Loweruka. Ba Miyanda anandiitanira ku msewu kuti a m'nyumba asamve. Bungwe lipitiriza ndi Chunga mpaka mvula ithe, kenako adzaonanso. Awonjezera maphunziro a amayi a mpingo. Koma akufuna woyang'anira wina, munthu woti angathe kuletsa aliyense. Asankha Kunda, uja ankandithandiza kuthirira. Ndinapereka kiyi ndi magambutsi. Sindikuwaimba mlandu, sananame. Ba Miyanda anati ndiwo ndizikathyolabe monga wina aliyense wa gulu, koma dimbalo pakali pano mulibe chothyola.

Tsopano pempho langa. Ndifunireni ntchito kumeneko, iliyonse, kaya ulonda, kaya kukweza katundu, kaya kukumba ngalande. Kugona ndigona pa khonde panu, sindivuta. Kuno ndayesa kale ku geti yanga yakale, aikapo wina. Ndipo pali china. Maphunziro a amayi ayamba mwezi wamawa, ndipo apongozi alembetsa oyamba. Tsiku lomwe Ba Mwaba adzaime kutsogolo ndi kunena ntchito ya masamba ouma, iwo adzalumikiza okha, si munthu wopusa. Sindikudziwa kuti tidzapatukirana bwanji pa bwalo limodzi pambuyo pake. Ndikufuna tsikulo lisandipeze pano, kuti manyazi awo asakhale ndi wowaonerera.

Pakali pano sakudziwa kanthu. Dzulo anatuma Judith kudzafunsa chifukwa chake sindinapite kukathirira. Ndinati msana. Patapita kanthawi Judith anabwera ndi kabotolo ka mafuta opaka, ndi mawu oti ndisadziphe ndi ntchito, alendo anaona kale kuti ndine wakhama. Ndinapaka, kuti fungo limveke akamadutsa.

Amayi ku mudzi musawauze kaye, mpaka ndipeze pogwira. Moni kwa alamu, muwauze kuti sindidya zambiri. Moni kwa Emmanuel ndi azing'ono ake. Judith akupereka moni, ngakhale za Solwezi sindinamuuze, ndidikira yankho lanu. Annette sakupereka moni chifukwa wagona pa mwendo pangapa, ndiye chifukwa chake zilembo zapendama. Masiku ano akangoona ndikuvala nsapato amathamangira pa khomo ndi kutambasula manja kuti ndisadutse. Mukandipezera malo mundiuze basi yomwe imanyamuka iye asanadzuke.

Ndine mng'ono wanu,
Saul