Mpando 42 ndi pulagi ya ku Australia

Aphungu,

Ndine mtsikana wa zaka 23, ndimakhala ndi bambo anga kuno ku Hartlepool. Ndikuphunzira ntchito ya magetsi pa kampani ina yaing'ono, ndipo kwatsala chaka chimodzi kuti ndilembe mayeso omaliza n'kulandira pepala. Koma kunena zoona, mtima wanga unanyamuka kale. Ndatopa ndi kukwawa m'madenga a eni ake zala zitauma ndi chisanu, kunja kutada kale 4 koloko. Mnzanga Bryony anapita ku Perth, ku Australia, chaka chatha. Amanditumizira zithunzi akuwothera dzuwa, uthenga wake ndi umodzimodzi: "Iwe, ukudikira chani kumvulako? Kuno amagetsi akuchita kuwasaka. Zapepalazo zisiye, ubwere Okutobala, chipinda chilipo."

Ndikufuna kupita, osati kokangoona, koma kukakhazikika. Chikundigwira mwendo ndi bambo. Chimwalirireni mayi, ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, sitinaphonyepo mpira timu yathu ikamasewera pakhomo. Tili ndi mipando yathu iwiri, 41 ndi 42, ndipo matikiti a chaka chonse amagula ndi iwo. Timu yake ndi yongoluza, Aphungu, koma timapitabe. Nthawi yopuma amagula payi imodzi, kabuledi kokhala ndi nyama m'kati, n'kuidula pakati, ati yathunthu imalemetsa munthu pokuwa.

Za Australia sindinawauze. Kwathu sitikamba zoterezi. Nkhani ikangoyamba kulemera, bambo amadzuka n'kuti, "Ndikatereke madzi a tiyi," basi yathera pomwepo.

Ndiye milungu itatu yapitayo ndikutsegula bokosi langa la zida kuntchito, ndinapezamo kachipangizo kolumikizira pulagi yathu ku soketi yakunja, katsopano, kosatsegula. Mano ake ndi opendeka aja a ku Australia. Bokosilo limagona kukhomo kwathu, ndipo m'nyumbamo tilimo awiri basi. Madzulo ndinabwerera kunyumba. Bambo anangoti, "Akuti mawa kugwa mvula." Ine n'kuti, "Eya, ndamva." Patapita masiku awiri ndinapeza envelopu pansi pa tipoti. Munali matikiti a chaka chikubwerachi, mipando yonse iwiri, tikiti ina ili m'dzina langa.

Kodi akutanthauza chiyani? Ndipite kapena ndikhale? Ndikanyamuka Okutobala mpando 42 ukhala pululu, ndipo ndikawaganizira akudya payi yonse okhaokha ndimalira m'galimoto ya kuntchito. Ndikakhala, ndikuopa kuti ndikalambira pompano. Ndithandizeni.

R.T., Hartlepool

Mwanawe R.T.,

Pukuta misozi, ungalumikize waya molakwika n'kuwotchera anthu nyumba. Bambo akowo alankhula kale, ndipo alankhula momveka kuposa amuna ambiri a m'dera lanulo. Ineyo ndinaleredwa ndi mwamuna wotere. Tsiku limene mlongo wanga ankapita ku Canada, bambo athu sanamukumbatire. Anamupukutira nsapato m'mamawa, n'kumuuza pakhomo kuti, "Kumeneko uzikavala chipewa." Anathera pomwepo, koma tonse tinamva.

Ndiye ndikumasulire. Kachipangizoko akuti, ndikudziwa, pita. Matikitiwo akuti, koma osati lero. Tawerenga wekha. Mpira umayamba Ogasiti n'kutha Meyi, ndipo iwe wati mayeso ako atsala chaka. Mkulu ameneyu wawerengera bwino kuposa Bryony.

Pa nkhani ya pepala ndili mbali yawo, sindikubisira. Chitupa chimene achinyamata ambiri amapitira, chija chololeza kugwira ntchito uku ukuona dziko, chili ndi malire ake. Chikatha umalongedza. Amene amakhazikika kawirikawiri ndi aja ali ndi luso lolembedwa papepala, kapena bwana wowaimira. Wamagetsi wopanda pepala kumeneko amangonyamulira anzake makwerero. Bryony amakukonda, sindikukana, koma tamufunsa kuti iyeyo akugwira ntchito yanji, ndipo chitupa chake chikutha liti. Dzuwa la pa zithunzi silimusainira munthu mapepala. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Choncho maliza. Chaka chimenechi usachigone. Lembera ku bungwe lopereka ziphaso kwa amagetsi m'dera la Perth, ufunse ngati pepala lako adzalilandira komanso mayeso ena amene adzakufunse, chifukwa malamulo awo a waya si athu. Za chitupa uziwerenga pa tsamba la boma lawo lenileni, osati kumva kwa anzako, poti malamulowa amasintha. Pa zaka 23 nthawi ikadalipo, khomo silitsekeka mawa. Usayang'ane Australia yokha ngati kulibe kwina. Funsanso za New Zealand ndi Canada. Palinso Ireland pakhomo pompa, kumene ife timaloledwa kukhala ndi kugwira ntchito popanda chitupa, ndipo Loweruka lina ukhoza kukwera ndege n'kudzapeza timu yanu ikuluza monga mwa masiku onse. Uyambenso kusunga ya ulendo wobwerera, kuti ukadzapita uzidzakhalako mofuna, osati mosowa pothawira.

Chenjera ndi anthu olonjeza ntchito ndi chitupa ukangowalipira. Asanakhudze paundi yako ndi imodzi yomwe, fufuza ngati ali olembetsedwa ku boma. Safunsa anadya phula.

Tsopano za bambo. Mpando 42 usausiye kuti udzadziwonere wokha. M'chaka chino yamba kuitana munthu wina, kaya mnzawo wa kuntchito, kaya wokhala nawo pafupi, azikakuwa nanu nthawi zina, kuti ukadzachoka padzakhale wozolowera. Ndipo nkhaniyi muikambe. Nonse awiri mwafanana, mukhoza kukafika pabwalo la ndege mukukambabe za mvula, ndipo chimenecho chidzakupweteka zaka zambiri kuposa kutalika kwa ulendo.

Koma usakawayambe m'nyumba, athawira ku ketulo. Dikira mpira woyamba wa Ogasiti, nthawi yopuma, nonse mukuyang'ana kubwalo, pamene palibe woyang'ana mnzake m'maso. Ungonena kuti, "Bambo, kachipangizo kaja ndinakapeza. Zikomo. Ndimaliza kaye sukulu." Mwina adzayamba kutukwana woyimbira mpira amene sanalakwe kanthu. Usawakakamize. Ukaona akupukuta magalasi awo nthawi yaitali, yang'ana kumbali.

Payi ya tsiku limenelo ukagule ndiwe. Ukagule imodzi.

Aphungu Glenys