Chitseko cha Abambo Chili ku Ngala

Okondedwa Achimwene,

Landirani moni wanga, inu, alamu ndi ana kumeneko ku Joni. Kuno tili bwino, kupatula maondo angawa amene akukana kupalasa njinga.

Munapempha chithunzi cha nyumba ya malemu abambo ku Mwadzama kuti adzukulu anu aone kumene munabadwira. Loweruka ndinapitako ndi wojambula wa pa Boma. Tinapeza mbuzi zitagona m'chipinda chimene amayi anamwaliriramo. Wojambulayo anati, "Madala, tatsekani pakhomopo, chithunzi chikongole." Ndinamuyankha kuti chitseko chake chili ku Ngala.

Tinakwera minibasi mpaka komweko. Chitseko cha mlombwa chija, chimene munazula n'kugulitsa ku loji amayi akadali moyo, lero chikutseka chimbudzi cha alendo. Maluwa amene abambo anasemapo akuonekabe bwinobwino. Amayi, ngakhale simunafunsepo, anatsiriza zaka zawo akutchinga pakhomo ndi mphasa.

Ndatumiza zithunzi zonse ziwiri. Chonde muzipachike moyandikana, ndipo adzukulu akafunsa, muwafotokozere nokha. Mulungu akupatseni moyo wautali ndi maso oona bwino.

Ndine mng'ono wanu,
Lasitoni