Singano M'phazi la Chidole

Lolemba

13:02 Vinda: ayi achimwene osati imeneyo, iyo ndi yoyeserera. onani iyi

13:02 Vinda: (kanema, 0:09)

13:10 Arcanjo: kkkkkk iwe Benvinda iwe

13:10 Arcanjo: amenewa ndi azakhali a Rosália enieni. mpaka kupendama kwa phewa

13:11 Arcanjo: km chidole chikuyenda bwnj chokha? dzanja lako sindikuliona

13:15 Vinda: (mawu, 0:44) Ndikuuzeni kangati kodi, aphunzitsi athunthu inu? Sichiyenda chokha. Ndi dongo, m'kati muli waya. Ndimasuntha mwendo pang'ono, ngati kanjere ka mpunga, n'kujambula. Ndisunthenso, ndijambulenso. Zithunzi khumi ndi ziwiri ndiye sekondi imodzi. Timasekondi mwaonato ndi masiku atatu a msana wangawu. Ndipo kayendedweko sikadangobwera. Professor Vasco adati chidole changa chikuyenda ngati chilibe thupi, ndiye ndidawatsata azakhali masiku awiri popita kudimba, ndikuwerenga mapazi awo.

13:19 Arcanjo: nanga chasenza chani pamutu

13:20 Vinda: chitseko! mwaiwala? nkhondo itatha adachisenza kuchokera ku Dedza mpaka kuno ku Lifidzi, ati nyumba ndikamanga ina km chitseko changa sindisiya. filimu yonse ndi ulendo umenewo

13:21 Vinda: ndiye trabalho yanga yomaliza, ntchito ya mayeso kusukulu. ndikapanda kuitumiza ku Maputo Lolemba likubwerali ndabwereza chaka

13:26 Arcanjo: kansalu kavala chidoleko ndikukadziwa

13:27 Vinda: ndidadula pa kapulana yawo yakale, ija ya nsomba zobiriwira. idali pampanda, amangoipukutira miphika

13:27 Arcanjo: udapempha?

13:28 Vinda: ndi surpresa. adzaona ikatha

13:35 Arcanjo: mmm

13:35 Vinda: mmm chani. ndaika pa status, anthu 60 aona kale. musaiwale babu ya nyali yanga, yapsa. muipatse wa shapa, minibasi ya mawa

Lachitatu

07:48 Arcanjo: chotsa status ija

07:48 Arcanjo: pompano

08:31 Vinda: idachoka yokha dzulo. bwnj? babu yanga ili kuti

08:33 Arcanjo: Augusta mkazi wa Mateus, mwana wa azakhali, adaisunga. yafika mpaka kugulu la kwaya

08:33 Arcanjo: ukudziwa kt azakhali sakudzuka? mwendo watupa mpaka m'bondo

08:36 Vinda: ndikudziwa. adadzitema ndi khasu kumunda wa nyemba sabata yatha. ndidawauza za chipatala adakana, amangomanga kansanza

08:36 Arcanjo: phazi liti

08:37 Vinda: lamanzere

08:39 Arcanjo: (chithunzi)

08:39 Arcanjo: apa ndi pomwe kanema wako wathera. ichi chikunyezimira paphazi lamanzere la chidole nchani

09:14 Vinda: ndi singano

09:17 Vinda: (mawu, 0:38) Achimwene, musandiopseze. Chidole sichingaime ndi mwendo umodzi, chimagwa. Ndiye phazi limene laponda pansi ndimalibaya ndi singano mpaka kulowa m'katoni ya pansi, lina n'kukhala m'mwamba. Chikaponda ndi lamanja, singano imapita kumanja. Aliyense m'kalasi mwathu amatero. Chaima pa lamanzere kuyambira Lolemba chifukwa nyali idapsa, ndikudikira babu yanu ija. Basi.

09:25 Arcanjo: ine ndamva. km kumudziko sakuwerenga choncho

09:26 Arcanjo: akuti zenera udatseka ndi bulangeti masana dzuwa likuswa mtengo. akuti umakiya chipinda ngakhale popita kumjigo. akuti adakuona ukutapa dothi panjira ya kwa azakhali

09:29 Vinda: bulangeti ndi la kuwala, dzuwa likasuntha zithunzi zimaphethira. ndimakiya chfkw cha nkhuku za amayi

09:30 Vinda: dothi ndi la msewu wa chidole. lofiira bwino lija limapezeka pamenepo pokha

09:31 Arcanjo: iwe udakulira konkuno. kutapa dothi pomwe munthu waponda sudziwa tanthauzo lake?

09:40 Vinda: sindidaganize

09:40 Vinda: ndinkangoona mtundu wake

Lachinayi

10:05 Arcanjo: mvera izi. ndi Mateus

10:05 Arcanjo: (mawu otumizidwa, 0:57) Asuweni, lero sindidabwere ndi nthabwala zathu zija. Ine sukulu sindidapite nayo patali, za ku Maputo sindizidziwa. Chimene ndikudziwa ndi ichi. Nsalu ndi ya mayi anga. Dothi ndi la panjira ya mayi anga. Phazi ndi lomwelo. Ndidapita kwanu m'mawa kuti ndikangoona ndi maso angawa, amayi anu adandiimira pakhomo. Ngati ndi za sukulu, akubisa chiyani? Mwana uja mayi anga adamubereka kumbuyo, lero awaumbe ndi dongo? Ine mayi ndili ndi mmodzi, asuweni. Muuzeni mlongo wanu azule. Akazula, ine ndilibe naye mawu.

10:12 Vinda: sindikubisa kanthu. ndi ukali adabwera nawowo akadagunda tebulo, zithunzi 300 zikadapita pachabe

10:13 Arcanjo: ukunena za tebulo munthu ali gone

10:20 Vinda: pepani. sindimatanthauza choncho

10:21 Vinda: ndipite ndikawaonetse azakhali eni ake. iwo aseka, ndikuwadziwa. anena kt wandipatsa khosi lalitali

10:22 Arcanjo: usayerekeze kufika pakhomo paja

14:47 Arcanjo: tawabweretsa kuchipatala kuno ku Ulongwe. atsuka bala, mafinya odzadza kapu. awaika soro, dripi ija, jakisoni katatu pa tsiku. anamwino akuti mankhwala ayamba kugwira mawa kapena mkuja

14:49 Vinda: mwaona! muuzeni Mateus zimenezo

14:50 Arcanjo: adali pomwepo

14:58 Arcanjo: km thupi latentha kwambiri, akubwebweta

14:58 Vinda: akuti chani

15:10 Vinda: achimwene akuti chani

15:16 Arcanjo: akuti chitseko chikundilemera, nditulani

15:17 Vinda: nkhani imeneyo amainena tsiku ndi tsiku! ndi ya moyo wawo, si ya ine

15:18 Arcanjo: Mateus watuluka panja akulira

17:32 Vinda: (mawu, 0:31) Amayi abwerako msanga ku mapemphero a mphakati. Akuti atakhala pa benchi, anthu adasunthira ku benchi ina, mpaka amayi a Patrisio amene amakhala nawo limodzi zaka zonsezi. Sakundikalipira. Angokhala pakhonde akusenda nyemba, ndikawayankhula akuyankha lichero. Bola akadandikalipira. Ndikuchita mantha, achimwene.

17:50 Arcanjo: ndikuimbira mawa

Lachisanu

07:15 Arcanjo: sadagone bwino. zula basi Vinda

07:16 Vinda: ndikazula chigwa. sindingachibwezeretse pomwe chidali, ulendo wonse ndiyambirenso. Lolemba sindikwanitsa

07:17 Arcanjo: ubwereze chakacho

07:31 Vinda: (mawu, 1:02) Tamverani bwino, musandidule. Za chaka ndazisiya, ndibwereza, kubwereza si imfa. Koma ndaganiza. Ndikazula, azakhali n'kutisiya, anthu anena kuti ndidachedwa dala. Nanga ndikazula, iwo n'kuchira, anena chiyani? Taganizani pamenepo. Koma singano ikakhala pomwe ilipo, azakhali n'kuchira ndi mankhwala a kuchipatala, aliyense aona yekha kuti chidole ndi dongo chabe. Ndi njira yokhayo yotulukira. Anamwino adati lero kapena mawa. Mundipatse tsiku limodzi lokha. Inu mumaphunzitsa ana za tizilombo ta m'bala, mukudziwa kuti ndikunena zoona.

07:44 Arcanjo: ukunena zoona. km tsiku limodzi tilibe

07:45 Arcanjo: Mateus akuti ikafika 12 osazula akwera njinga yamoto ndi anzake, athyola loko. ndipo sakathera pa chidole

07:46 Arcanjo: amayi andiimbira kanayi. chitira iwo

07:46 Vinda: mumugwire mpaka mawa chonde

07:47 Arcanjo: ndimugwire ndi chani? ndi mayi ake

07:52 Arcanjo: zula, zotsalazo ndidzalongosola ine

09:03 Arcanjo: Vinda

10:10 Arcanjo: (kuimba, sikudayankhidwe)

10:41 Arcanjo: Mateus akufunsa makiyi a njinga

11:06 Vinda: ndazula

11:09 Vinda: Augusta adabwera ndi amayi awiri a mphakati kudzaonerera. adandiuza ndichotse bulangeti kaye. chidole chagwa chafufumimba, phewa lathyoka

11:10 Vinda: singano aikulunga m'pepala apita nayo. chidole amafuna atenge km palibe adalimba mtima kuchigwira

11:10 Vinda: Augusta adayang'ana nthawi pa foni yake n'kuiuza ena aja

11:14 Arcanjo: zkm mlongo wanga. Mateus wakhala pansi

11:15 Vinda: ndalembera professor kt sinditumiza. andifunsa kt chavuta nchani, sindikudziwa kt ndiwayankhe bwnj

11:30 Vinda: masabata atatu achimwene. chidatsala pang'ono kufika kwawo

Loweruka

08:20 Arcanjo: azakhali adzuka

08:21 Arcanjo: thupi lazizira, amwa phala, apondera pansi mpaka kufika pakhomo la wodi okha

08:22 Vinda: Mulungu wanga!! ndalira

08:22 Vinda: mwaona, anamwino adanena. ndikukwera shapa ndibwere, ndiwatengere masikono?

08:40 Vinda: achimwene?

08:58 Arcanjo: usabwere

08:59 Vinda: bwnj

09:04 Arcanjo: (mawu, 0:49) Vinda, mvera. Mateus wafunsa anthu a mu wodi kuti thukuta lidayamba nthawi yanji dzulo. Onse akuti dzuwa lisanafike pamutu, cha m'ma eleveni. Waimbira Augusta, waika foni pa mawu akulu, Augusta n'kutchula nthawi yake ija. Anamwino adayesa kunena za jakisoni, palibe adawamvera. Ndiye azakhali eni ake, atafunsidwa kuti adamva bwanji, akuti adangomva ngati wina wawazula minga.

09:06 Vinda: ndi mmene munthu amanenera akachira!

09:06 Vinda: awauza za ine?

09:08 Arcanjo: awauza. sadaseke

09:09 Arcanjo: afunsa kt mwanayu ndidamulakwira chani

09:15 Vinda: ndidakuuzani dzulo. ndidakuuzani ndendende

09:16 Arcanjo: longeza chikwama. usakwerere pa siteji ya pamsika, uyende mpaka kutsogolo. ukafike ku Tete kwa mnzanga Hilário, ndamuuza kale

09:17 Vinda: ndisiye amayi okha?

09:18 Arcanjo: ndi amayi andiuza kt ndikuuze

09:44 Vinda: kunja kwabwera anthu

09:45 Vinda: azibambo asanu, amayi ambiri. ena ndi a kwaya. angokhala pansi pa mtengo wa pichesi moyang'ana zenera langa

09:46 Vinda: amayi sindikuwaona

09:46 Vinda: imbani foni ya amayi a Patrisio, ali pomwepa. muwauze za khasu, za mafinya, za jakisoni. inu akumverani, ndinu aphunzitsi

09:52 Vinda: achimwene imbani

09:57 Arcanjo: ndiimba

09:58 Arcanjo: km ndiyambe ndadziwa. dzulo ndidali pambali pa bedi, ndidaona ndekha. 11:05 akubuula, 11:20 thukuta kamukamu n'kutsegula maso

09:59 Arcanjo: tili awiri pano, palibe akuwerenga. ku Maputo kuja adakuphunzitsa zojambula zokha?

10:03 Vinda: inunso?

10:04 Vinda: achimwene inunso?

10:11 Vinda: anthu aja aimirira