Nsambo za Perpetua

Lachiwiri, 2 Novembala 2021

Wimbe. Kutentha. Mitambo yabodza chakumadzulo.

M'mawa ku depoti ya feteleza wa sabuside. Mzere mpaka kumsewu, ena anagona pomwepo. Netiweki palibe, makina osawerenga zitupa. Onse maso pa ine poti ndine mlangizi, ngati netiweki ndimasunga m'thumba.

Madzulo pa chulu cha kuseri kwa nyumba, malo okhawo pomwe vidiyo imagwira. Phunziro langa la gitala ndi a Grey, woyimba wa ku Lilongwe. G, C, D. Nsonga za zala zatupa. Akuti ndimagwira gitala "ngati mukupima munda, bwana mlangizi."

Ndimadzifunsabe chimene munthu wa msinkhu wanga akufuna pa chulu ndi gitala. Yankho silisintha: mwana wanga Feggie. Mayi ake, mkazi wanga Perpetua, anamwalira mu Epulo. Akwawo atandisudzula, mwana anatengedwa ndi amalume ake, a Yobu, ku Chilomoni. Mwambo wake ndi umenewo, sindinatsutse. Feggie ananyamula gitala ya Perpetua. Pa foni tinkangoti uli bwanji, sukulu bwanji, kenako zii. A Yobu anati mafoni otere akungomuliritsa mwana, tisiye. Phunziro la gitala lokha ndilo avomera, Lachinayi lililonse. Ndiye ndimaphunzira Lachiwiri, n'kuphunzitsa Lachinayi. Feggie akudziwa. Anati palibe vuto bola ndizikhala patsogolo.

Lachinayi, 4 Novembala

Phunziro loyamba ndi Feggie. Watalika, kapena ndi mmene anaimikira foni. Tsitsi analuka mwa mtundu wina.

Ndamuonetsa G. Zala waika pamalo pake, ndaonetsetsa chala chimodzichimodzi. Akakhwacha, mawu ake ena. Osati oipa kwenikweni, koma si anga. Ndati ndi netiweki.

Kuyimbira pamodzi sikutheka. Ndikayamba ine, iye amandimva nditapita kale. Tagwirizana kumasinthana.

Waseka kamodzi, mbuzi ya a Mphepo itakwera pa chulu n'kusuzumira mu kamera. Koyamba chiyambire Epulo.

Bandulo yatha pakati pa kutsanzikana. Izi ndiyenera kuziganizira. Mwezi ukadali kutali.

Lachinayi, 11 Novembala

Nazale za fodya ku Kapelula, tsiku lonse. Mbande zakula, mvula kulibe. Ena ayamba kuzidula masamba kachiwiri.

Feggie: G yomweyo, mawu olakwika omwewo. Si netiweki, si zala. Ndamuuza akhwache nsambo imodziimodzi osagwira kanthu, ine ndikufanizira ndi yanga. Zitatu zapakati zikugwirizana pang'ono. Ziwiri zonenepa ndi yopyapyala yam'munsi ija ndi zotsika.

Ndati tikunge. Wakana. "Anatchuna ndi amayi, adadi. Palibe amene wagwirapo timakiyi timeneti." Ndafotokoza kuti gitala ikakhala miyezi nsambo zimalefuka zokha, kuti palibe phunziro lingayende chonchi. Ndafotokoza bwino, mwadongosolo, ngati pa msonkhano wa alimi. Iye amangoyang'ana pambali. Zikuoneka kuti a Yobu amakhala chapomwepo.

Lachiwiri, 16 Novembala

Ndawafunsa a Grey mwachidule, poopa bandulo: gitala yakhala osagwidwa, yasokonekera, titani? Ati ingokungani pang'onopang'ono. Kenako Em ndi Am. Am ikundivuta, chala chachitatu chimagwera pa nsambo ya eni.

Ku depoti kwabwera urea yekha. NPK akuti ali m'njira. Mayi wina wandigwira malaya. Anangogwira basi.

Mutu. Mwina BP. Ndikayezetse.

Lachinayi, 18 Novembala

Ndinakonzekera. Ndinamuuza kuti popanda kutchuna tikhala pa G mpaka chaka chitha, ndipo amalume akaona kuti palibe chikuphunziridwa atseka. Zoona zokhazokha. Anati chabwino.

Yonenepa yoyamba, bwinobwino. Yachiwiri, bwinobwino. Pa yopyapyala ndinati pitiriza, pang'ononso, sinafike. Chithunzi chinaima. Ine ndikunenabe kuti pitiriza. Chitabwerera, nsambo ikulendewera, iye wagwira tsaya. Yamukwapula pansi pa diso.

Sanalire ndikuona. Anati, "Ndinakuuzani." Foni n'kuzima.

Ndatsika pa chulu. Ndapukuta gitala yanga, ndaiika m'thumba mwake. Ndachapa mbale.

Loweruka, 20 Novembala

A Yobu ayimba foni okha. Mawu aulemu ngati nthawi zonse. Diso lili bwino, kachilonda kochepa. Koma mwana sakudya, gitala waikankhira pansi pa bedi. "Alamu, ife tinavomera maphunziro, osati maliro achiwiri. Tiyeni tipumire kaye." Mpaka liti, sananene. Ndati ndamva. Ndathokozanso, sindikudziwa chifukwa chake.

Ndinafuna kunena kuti nditumiza nsambo zatsopano pa basi. Ndinadziletsa. Vuto si kusowa kwa nsambo.

Lachiwiri, 23 Novembala

Ndinaganiza zojomba ku phunziro, koma ndinalipira kale mwezi wonse.

Ndawauza a Grey zonse, ulendo uno mwatsatanetsatane. Ziti zinali zotsika, ndi motani: ziwiri zonenepa ndi yopyapyala, zonse kutsika mofanana, zapakati zili m'malo. Anasiya kutafuna chimene amatafuna. Anafunsa kuti malemu anaphunzira kwa ndani. Ndati kwa bambo awo, amene anachokera ku Phalombe kudzagwira utenanti pa esiteti ina kuno.

Anatsitsa nsambo zitatu pa gitala yawo, n'kukhwacha osagwira paliponse. Zinamveka zokhazokha, zodzaza, ngati kwaya ikutsekera nyimbo. "Gitala yosiyidwa sisokonekera chonchi, akulu. Uku ndi kutchuna kwa dala. Achikulire ambiri kumudzi amayimba chonchi, chala chimodzi chopingasa basi. Mukanandiuza bwino tsiku lija."

Ndinawauza mwachidule poopa bandulo.

Ndiye G ndinamuphunzitsa ija inali yolondola, pa gitala yolakwika. Kapena gitala yolondola, mphunzitsi wolakwika. Ndawapempha tisiye Am, andionetse za chala chimodzizo. Ati ndikubwerera m'mbuyo. Ndati eya.

Lachinayi, 25 Novembala

Sindinakwere pa chulu.

Lachitatu, 1 Disembala

Mvula yoyamba yeniyeni. Aliyense m'munda kuwokera fodya, ana omwe. Ku depoti mzere wachepa, osati poti alandira. Nsapato zanga zonse ziwiri matope.

Gitala yanga ndaitsitsa monga anandionetsera a Grey. Ndakhala nayo pakhonde. Mawu ake ndikuwadziwa. Ankachokera kuchipinda Perpetua akuyimba, ine ndili pa tebulo ndi malipoti. Koma kuti ndi ndendende kapena ayi, khutu langa silingathe kunena.

Ndajambula mawu, kukhwacha kamodzi, nsambo zonse osagwira. Ndinayesa kulankhulapo, ndafufuta. Ndinayesanso, ndafufuta. Ndatumiza kukhwachako kokha ku foni ya a Yobu. Pansi pake ndalemba kuti: alamu, ngati n'koyenera, mumumvetsere mwana, ngati si koyenera, fufutani.

Atsegula. Yankho palibe.

Lamlungu, 5 Disembala

Tchalitchi. Chimwalirireni Perpetua, kwaya ilibe woyimba gitala mpaka pano. A Dorika, amene amatsogolera, afunsa ngati n'zoona kuti ndikuphunzira. Ndati si kwenikweni.

Uthenga wochokera ku Chilomoni palibe.

Lachinayi, 9 Disembala

Ndinakwera pa chulu popanda chifukwa, gitala m'manja, ambulera m'khwapa. Kwaterera, udzu wamera. Kumpoto kwada.

Foni inalira. A Yobu, nkhope pafupi kwambiri ndi kamera. "Alamu, mwachidule, foni ili ndi ntchito." Kenako denga la malata, kenako mawondo a Feggie ndi gitala. Nkhope sanaonetse. Nsambo zisanu, malo a yopyapyala ija ali mbee. Ziwiri zonenepa zija wazibweza yekha, mwa khutu.

Moni sanapereke. Anati, "Yanu ija mwaitsitsa, koma yoyambayo sinafike. Ya amayi inkalira pansi kuposa pamenepo. Khwachani ndimve."

Ndakhwacha. Kudikira kuti mawu afike ku Blantyre.

"Tsitsani."

Pulogalamu yotchunira gitala ya pa foni yanga imaonetsa kuti nsamboyo ili pamalo pake ndendende. Ndaitseka kuti ndisaone, ndatsitsa.

"Pang'ononso, adadi. Musathamange."

Madontho ayamba pa gitala. Ambulera sindikanatha kugwira, manja onse ali pa ntchito. Tinafika pa nsambo yachitatu pamene chithunzi chinaima.

Lachinayi likubwerali akuti tiyambira pomwepo, ndisagwirepo ndekha.